Zingwe za Kumbuyo kwa Dokotala Twaibu

Ana anga, ndikufuna mudziwe, ndipo mudzauze adzukulu anga akadzayamba kumva, kuti kwa zaka zoposa makumi awiri palibe mimba imene inang'ambidwa pa chipatala chathu ku Nkhotakota ine ndisanavomereze. Mafumu, mashehe, abusa, asodzi, ngakhale akapitawo a kuminda ya nzimbe, onse ankagona chagada pa tebulo kudikira kuti ine, Gedioni Phiri wa ku Nkhunga, ndimalize kaye mbali yanga. Dokotala nawonso ankadikira, manja ali m'mwamba ngati agwidwa ndi apolisi. Mbali yangayo inali yomanga zingwe za gauni yawo kumbuyo: za pakhosi, za pamsana ndi za m'chiuno. Amayi anu akuti ndilembenso kuti ndinkakolopa. Ndalemba.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kufupi ndi Dwangwa

Ku koleji ya uphunzitsi ndinakhalako chaka chimodzi. Ine ndi aphunzitsi a masamu tinasiyana maganizo. Iwo anali ndi mayankho awo, ine ndinali ndi anga, ndipo popeza cholembera chofiira chinali kwa iwo, amene ananyamula sutikesi ndi ine. Kumudzi ndinkauza anthu kuti ndili pa holide. Holideyo itafika pa dzinja lachiwiri, malume anatopa nayo n'kundipezera malo pa kachipatala kena kufupi ndi Dwangwa, kumene ndinapatsidwa udindo waukulu wotsuka ndi kumanga zilonda. Ambiri obwera anali odula nzimbe amene chikwanje chawaphonyera pa mwendo. Bandeji inali yosowa, tinkachapa n'kuigwiritsanso ntchito, choncho sindinkafuna kumaidula pomasula. Ndinkamanga mfundo imene bambo anga ankamangira bwato pa doko, yogwira zolimba koma yomasuka ukangokoka kamodzi.

Kamodzi pa mwezi kunkabwera dokotala wochokera ku Boma kudzaona odwala ofunika opareshoni. Anali munthu wamfupi, wa ndevu zochepa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Tsiku lina anakoka bandeji pa mwendo wa mkulu wina, iyo n'kumasuka yokha. Anaima.

"Wamanga apa ndani?"

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu womunamizira, koma m'chipindamo tinalimo atatu basi, ndipo wachitatuyo anali mwini mwendo.

"Ndine, bwana."

"Sukulu munalekeza pati?"

"Koleji ndinailawako, bwana. Sinandiyanje."

"Ndiye ndinu a Profesa," anatero, nkhope ili gwa, osaseka. "A Profesa, ku fiyeta kwathu amene amandimanga gauni amamanga ngati akumanga mbuzi yoba. Ndikamaliza opareshoni ndimachita kudulidwa ndi sizasi. Mungabwere?"

Amenewo anali Dokotala Twaibu. Dzina la Profesa linandikakamira mpaka lero, moti pa ukwati wanga abusa anatsala pang'ono kulitchula.

Zaka za m'ma 1990, ku Boma

Kwa inu amene simunalowemo mu fiyeta, ndifotokoze. Dokotala akasamba m'manja mpaka m'zigongono saloledwanso kukhudza chilichonse, ngakhale mphuno yake yomwe. Amapisa manja mu gauni yowiritsa n'kutembenuka, msana uli pamtunda, ndipo wina wosasamba ndi amene amamanga kumbuyo. Ndikamaliza ndinkawagunda pang'ono paphewa ndi chala. Iwo ankanena chapansipansi kuti Bisimila, sisitala ankalemba mtanda pachifuwa, wogonetsa odwala, amene sankapemphera kulikonse, ankayang'ana wotchi. Zikatero mpeni unkayamba ntchito.

Dokotala Twaibu anali mwana wa pa Nkhotakota pomwepa, wa mabanja aja a Chisilamu amene makolo awo ankachita malonda a panyanja. Anakaphunzira kunja, kumene ankati kuzizira kwake munthu umaiwala dzina la bambo ako, n'kubwerera kudzang'amba anthu omwe aja ankawatuma kumsika ali mwana. Amayi ena okalamba ankawaitanabe dzina la paubwana ali kale pa tebulo, n'kuwalangiza kuti asachite masewera. Iwo ankayankha kuti amva.

Za kusowa kwa zipangizo ndingalembe buku lina. Magolovesi tinkachapa, kuwauzira mpweya kuti tione pobooka, n'kuwawiritsanso mpaka atatopa okha. Ulusi wosokera khungu utatha, anandituma kwa asodzi kukagula twaini wa mbedza, tinamuwiritsa, ndipo nditaonetsa nkhope yokayika anati, "Ngati amagwira kampango, a Profesa, khungu la munthu wa ku Kanyenda sangalilephere." Sanalilephere. Opareshoni ikatha, kaya yayenda bwino kaya ayi, sankatuma munthu. Ankatuluka okha kupita pansi pa mtengo wa mango pamene achibale a odwala ankadikirira, n'kunjuta pamaso pawo ngati mkamwini, kuwauza zonse mmene zilili. Ankati amene wang'amba ndi amene amakanena. Ndinawaonapo atanjuta choncho pamaso pa bambo amene mwana wake sanadzuke, mpaka miyendo inachita dzanzi, ine n'kuchita kuwadzutsa.

Dzuwa likafika paliwombo, ngati pa tebulo palibe munthu, ankakwera njinga yawo yakuda kupita kunyumba kukadya ndi ana. Ana anali atatu, woyamba Halima, wotsatira Idrisa, ndi kamtsikana kotsiriza. Yunifolomu ikang'ambika ankasoka okha bambowo, ndipo ankasoka monga ankadziwira, mfundo iliyonse payokhapayokha, moti aphunzitsi a Halima anafunsapo ngati diresi lake lachitidwa opareshoni. Akuluakulu a ku likulu anabwera kangapo kudzawanyengerera kuti asamukire ku Lilongwe, kumene kunali nyumba yaikulu ndi galimoto. Iwo ankathokoza kwambiri, kenako n'kunena kuti, "Vuto ndi loti ndili ndi ntchito ina ya m'mawa imene singasamuke."

Ntchitoyo ine ndinkaidziwa, chifukwa m'mawa uliwonse ndinkadutsira kwawo kukatenga makiyi a fiyeta. Akazi awo, Mayi Asiyatu, ankapeta zisoti za kumzikiti, zimene iwo amati kofiya, ndipo mmene ankapetera anthu ankachita kuitanitsa kuchokera ku Salima. Koma maso awo anayamba kufooka akadali achitsikana, moti diso la singano sankaliona. Ndiye a Dokotala akachoka ku swala, mapemphero a m'mawa a kumzikiti, ankakhala pakhonde ndi kapilo kobayamo masingano, n'kumalowetsa ulusi, wofiira, wobiriwira, wagolide, singano iliyonse mtundu wake, kuti akazi awo apeze za tsiku lonse zili zokonzeka. Ankalowetsa kamodzi, osanyambita n'komwe ulusiwo. Akamaliza ankaitana, "Amake Halima, odwala anu ndawaona onse." Mayiwo ankayankha ali m'nyumba, "Pitani mukaone enawo, a bambo, muchedwa." Ku Lilongwe nakonso masingano aliko, ine ndikudziwa, koma nkhani ya ku likulu inkathera pomwepo.

Masana ena opanda odwala ndikutsuka zitsulo, a Dokotala anabwera n'kukhala pa kampando ka wogonetsa odwala. Sankakonda kukhala mu fiyeta popanda chifukwa.

"A Profesa, kumene ndinaphunzira kuja kunali mkulu wina, katswiri weniweni. Atakalamba manja anayamba kunjenjemera. Tonse tinkaona. Palibe ananena, chifukwa anatiphunzitsa ndi iyeyo. Tinkangomupatsa mpeni. Mayi wina sanadzuke. Ine ndinali pomwepo, nditagwira nyale."

Ndinasiya kutsuka.

"Munthu sadziona kumsana, ndipo manja ake amawaona mmene akufunira. Inu mumaima kumbuyo kwanga tsiku lililonse. Tsiku limene mudzaone kuti manja awa ayamba, musadzapite kwa akuluakulu, musadzanong'oneze sisitala. Musadzamange basi. Ine ndidzamva."

"Nanga mukadzandichotsa ntchito?"

"Kukuchotsani ndidzakuchotsani ndithu. Koma musadzamange."

Ndinavomera monga munthu amavomerera kuti adzasiya mowa: ndi mtima wonse, podziwa kuti ndi za kutsogolo.

Zaka zija mafuta ankasowa

Kutsogoloko kunafika nthawi imene magalimoto ankagona pa mizere ya mafuta, jenereta yathu ili gone ngati ng'ombe yodwala. Tsitsi la a Dokotala linali litayera, ana atakula, Halima ali pa ntchito ku Blantyre. Chipatala chinali chitalandiranso dokotala wina wachitsikana wa kumpoto, Dokotala Nyirenda, amene kwa zaka ziwiri ankaima moyang'anizana nawo pa tebulo, kuphunzira.

M'mawa wina ndinafika kudzatenga makiyi ndipo ndinapeza a Dokotala atapita kale kuwodi. Pakhonde panali Mayi Asiyatu okha. Anandipatsira makiyi, koma sanawasiye, tinangowagwira tonse awiri. Ndi dzanja linalo anandionetsa kapilo kaja. Masingano onse analipo, ali mbuu, opanda ulusi.

"Sabata yonse ino, a Phiri. Amayesa, amayesa, kenako amati magalasi atha mphamvu. Magalasiwo ndi atsopano, Halima anatumiza mwezi watha."

"Mwawauza, mayi?"

"Ine ndikawauza aseka, madzulo andibweretsera nsalu. Inu anakuuzani chochita. Anandiuza kalekale kuti anakuuzani."

Ndinayenda ulendo wa kuchipatala ngati ndikupita kukhoti. Tsiku limenelo pa tebulo pankagona Nabanda, mayi wa ku Kanyenda, amene anali ndi chotupa pakhosi chachikulu ngati papaya. Pakhosi si pamimba. Pamadutsa mitsempha ya magazi, komanso kamtsempha kakang'ono ka mawu, koti mpeni ukangophonya pang'ono munthu amadzuka wosalankhulanso, ngati wadzuka n'komwe. Mwamuna wake anali kale pansi pa mango, chipewa chili pa bondo. Ndinapemphera kuti magetsi azime, pakuti sabata imeneyo ankazima tsiku lililonse. Tsiku limenelo, opanda manyazi, anayaka.

Ndinaima pakhomo a Dokotala akusamba. Ndinadziuza kuti mwina mayi aja akukulitsa nkhani, singano ndi kanthu kakang'ono. Atamaliza anakweza manja kuti madzi atsikire m'zigongono, monga mwa masiku onse. Lamanzere linali phee. Lamanja, chala chachikulu ndi cholozera zinkapekesana zokha, ngati munthu akusankha mpunga. Anapisa manja mu gauni n'kundipatsa msana. Ndinagwira zingwe za pakhosi. Ndinangozigwira.

"A Profesa, mwaiwala mfundo?"

"Sindinaiwale, a Dokotala."

"Ndiye mangani. Mayiyu wagona kale."

"Zingwezi zili bwinobwino. Ine ndi amene sindimanga."

Mu fiyeta munangotsala phokoso la makina opumira. Sisitala anandiyang'ana ngati ndalowa ndi matope. Dokotala Nyirenda, amene anali atangomaliza kusamba, anaima chilili, madzi akudontha.

"Gedioni," anatero a Dokotala osatembenuka. Chiyambire ku Dwangwa kuja anali asananditchulepo dzina limenelo. "Ndakuuza kuti manga."

"Munandiuzanso zina kale, bwana. Ndikutsata zoyambazo."

Msana wawo unali pamaso panga, msana umene ndinkaudziwa kuposa nkhope ya m'bale wanga, ndipo ndinauona ukutsika pang'onopang'ono. Anakweza manja aja pafupi ndi nkhope n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Lamanja silinawabisire.

"Dokotala Nyirenda, bwerani mbali ino," anatero potsiriza. "A Phiri, amangeni a Dokotala."

Anavula gauni okha, n'kuipinda bwinobwino ngakhale inali yopita kochapa. Ndinamanga Dokotala Nyirenda, ndinawagunda paphewa, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva Bisimila uja, wotsika kuposa masiku onse. Opareshoni yonse anaima kumbuyo kwa mtsikanayo, manja atawagwirizira kumsana, akulankhula modekha: "Pang'onopang'ono, mwanawe. Kamtsempha ka mawu kali pomwepo. Eya, mwakaona. Kasiyeni kadutse." Itatha, Dokotala Nyirenda anawapempha kuti akauze mwamuna wa Nabanda. Anakana. "Amene wang'amba ndi amene amakanena. Tiyeni ndikakuonetseni kanjutidwe kake." Nabanda atadzuka, mawu ake oyamba anali ofunsa ngati mwamuna wake anasiya atatsekera mbuzi. Anamveka mpaka pakhonde.

Ntchito sanandichotse. Anachita choposa pamenepo. Makiyi a fiyeta anayamba kugona ku ofesi ya sisitala, kutanthauza kuti kunyumba kwawo ndinalibenso chokatenga. Mpeni sanaugwirenso. Ankaona odwala, ankaphunzitsa, ankaimabe kumbuyo kwa Dokotala Nyirenda, koma ine ankandipatsa moni wa boma, uja wa "Mwadzuka bwanji, a Phiri," maso ali kwina. Ena pachipatala ankati ndadzikweza, wokolopa kuimitsa dokotala. Amayi anu angakuuzeni kuti miyezi imeneyo ndinkasiya chakudya m'mbale, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya banja lathu.

Chaka chomwecho, mpunga utakololedwa

Ndikuchokera ku Nkhunga kukaona agogo anu, ndinatsika pa Dwangwa kudikira minibasi ina. Pakhonde la sitolo panali telala wokalamba, ndipo ndinamuona akulowetsa ulusi ndi kanthu kena: kachitsulo kopyapyala konga ndalama, kokhala ndi kawaya kopindidwa kumapeto. Kawayako umakalowetsa pa diso la singano, ulusi n'kuupisa mu kawayako mmene muli malo ambiri, kenako n'kukoka. Ndinamufunsa ngati ali nako kena. Anali nako.

Loweruka m'mawa ndinavala jekete la ku tchalitchi n'kupita. Ndinawapeza pakhonde pomwe paja, kapu ya tiyi ataigwira ndi manja awiri. Kapilo kanali pawindo, kopanda ulusi.

"Mwabwera kudzaona ngati ndikutha kugwira kapu?"

"Ayi, a Dokotala. Ndabwera ndi chida cha opareshoni. Chochokera kunja."

"Kunja kuti?"

"Ku Dwangwa."

Sanaseke, koma anaika kapu pansi. Ndinatulutsa kachitsulo kaja n'kuwaonetsa kamodzi. Anatenga kapilo, anabaya singano kuti diso likhale m'mwamba, anatsamiritsa dzanja pa bondo n'kuyamba kulondolera kawaya kaja. Kanaphonya. Kanaphonyanso. Ine ndinkayang'ana nkhuku za pabwalo ngati ndabwera kudzazigula. Kenako ndinamva akupuma mwamphamvu, ndipo nditacheuka ulusi wofiira unali ukulendewera pa singano.

"Amake Halima," anaitana, "wodwala woyamba ndamuona."

M'nyumba tinamva munthu akumina. "Nanga enawo awaone ndani?" anatero mayiwo, osatuluka.

Anatenga singano yachiwiri. Ali mkati molimbana nayo, osandiyang'ana, anati, "Tsiku lija, a Profesa, ndikanakumenyani mbama. Kungoti ndinali nditasamba kale m'manja."

"Ndinadziwa, a Dokotala. N'chifukwa chake ndinadikira kuti musambe kaye."

Apo anaseka mpaka singano inagwa, tonse awiri n'kuyamba kuifufuza pansi chokwawa, dokotala wophunzira kunja ndi profesa. Lolemba makiyi anabwerera kwawo. Atapuma pa ntchito ndinkapitabe Loweruka lililonse, popanda makiyi okatenga.

Chaka chatha

Ndinali nditapuma nanenso, ndili ku Nkhunga, pamene Halima anaimba foni m'mamawa kuti bambo atisiya. Anzathu a Chisilamu sagoneka maliro, choncho ndinakwera minibasi yoyamba ndi nsapato zosapukuta. Ndinafika amuna a kumzikiti akusambitsa thupi m'nyumba. Kumeneko ine wa tchalitchi sindikanalowa, ndipo sindinapemphe. Pabwalo panali anthu osaoneka malire, ena akuonetsana zipsera za pamimba ngati ziphaso. Mayi wina wokalamba anandigwira dzanja n'kundilankhula mokweza kwambiri, ndipo nditaona kamzere pakhosi pake ndinazindikira Nabanda.

Pakhonde paja Idrisa ndi a Shehe anali atayala nsalu yoyera ya sanda pa mkeka, akuiyeza. Idrisa atandiona anadzuka n'kundipatsa sizasi.

"Bambo anati zingwe zomangira sanda mudzadule ndinu, a Profesa. Anati wina aliyense adzadula zokhota."

Ndinagwada n'kudula timizere ta nsaluyo m'mphepete, mowongoka mmene ndikanathera, poti maso anali ndi zochita zina. Popereka kwa a Shehe ndinalephera kudzigwira.

"Pepani a Shehe, si za ine izi. Koma musawamange mfundo yakufa. Sankaikonda. Mumange yoti kukoka kamodzi imasuke."

A Shehe anandiyang'ana mokoma mtima. "Ndi mmene timamangira, a Phiri. Tikawagoneka kumanda timakamasula."

Ndinayenda kumbuyo kwa jeneza, chithatha chonyamulira maliro, mpaka kumanda, malo anga a masiku onse.

Patapita masabata angapo ndinakaona Mayi Asiyatu. Kupeta anasiya, maso anatheratu. Koma anandipatsa kapilo kaja kuti ndikagwire. Masingano onse anali ndi ulusi, wofiira, wobiriwira, wagolide, ndipo kachitsulo ka ku Dwangwa kanali kobayidwa pakati, kawaya katapindika ndi ukalamba. Anati a Dokotala anawalowetsa m'mawa wa tsiku lomwe anagonekedwa m'chipatala, ngakhale ankadziwa kuti palibenso wopeta. Anati zinawatengera mpaka tiyi anazizira.

Ndiye ana anga, mukadzamva anthu akunena kuti bambo anu anaimitsa dokotala wamkulu wa Nkhotakota ndi manja awiri okha, musadzatsutse, ndi zoona. Akadzafunsa kuti zonsezi zinawadyera zingati, mudzanene kuti makwacha makumi asanu, mtengo wa kachitsulo kaja. Ndinapempha kuti anditsitsireko, telala uja anakana.